ZA MUDZI WA WALLACE NDI MOTO WA CAKA CA 1910

Ife tonse tiudziwa moto wa lupsa. Pofika mwezi wa October, udzu utauma ndi dzuwa, tiona usiku mizere yofiira irikukwera m'mapiri, ndipo kutaca tipeza timaphulusa takuda titagwa pabwalo ndi m'mitsuko ya madzi. Koma moto umenewo uyenda pansi. Udya udzu ndi masamba ouma, nuwaula makungwa a mitengo yaikuru osaipha, ndipo mvula yoyamba isanagwe n'komwe msipu wayamba kale kuphuka. Mwezi uno tifuna kuuza awerengi athu za moto wa mtundu wina, woyenda pamwamba pa mitengo, ndi za anthu a m'mapiri a dziko lakutali amene unawagwera m'caka ca 1910: umo ena anapulumukira, umo anamangiranso mudzi wao, ndi cimene Boma lao linaphunzira pa tsoka limenelo, cimene mbali yina cinali coona ndi mbali yina colakwa.

Dzikolo ndi United States, ku America. Kumpoto ca kumadzulo kwa dziko limenelo kuli mapiri ochedwa Bitterroot, amene akhala malire a zigawo ziwiri, Idaho ndi Montana. Ndi mapiri otsetsereka kwambiri, a zigwa zakuya ndi zopapatiza, ndipo masiku amenewo anali okutidwa ndi nkhalango yowirira ya mitengo ya paini ndi yina ya pfuko lomwelo, yaitali, yoongoka, yodzala ndi utomoni. Amene anaonapo nkhuni ya paini pamoto adziwa umo utomoni uyakira. Nyengo za kumeneko zisiyana ndi zathu: December ndi January ndiyo miyezi ya cisanu coopsa, pamene cipale cofewa cikuta mapiri onse, ndipo July ndi August ndiyo ya kutentha ndi kuuma.

M'cigwa cimodzi ca mapiriwo, ku mbali ya Idaho, muli mudzi wa Wallace. Unayamba m'caka ca 1884, anthu atapeza siliva ndi mtobvu m'matanthwe a pafupi, ndipo pofika 1910 unali ndi anthu ngati 3,000: okumba m'migodi, a masitolo, a njanji, ndi akazi ndi ana ao. Mudziwo ukhala pothinana, phiri kuno phiri uko, kotero kuti nkhalango inafika ku makomo a nyumba zomarizira. Ndipo moto sunali mlendo kwa iwo. Pa 27 July 1890, moto wobuka m'nyumba yina ya pakati pa mudzi unatha pafupifupi masitolo onse, pakuti anali a matabwa. Pomanganso, eni ace anamanga ndi njerwa. Tisunge mau amenewa, pakuti zimene anacita a 1890 zinathandiza a 1910, ngakhale omangawo sanali kuganiza za moto wa m'nkhalango ai.

Nkhalango zambiri za m'mapiriwo zinali za Boma, ndipo ozisunga anali a nthambi yochedwa Forest Service, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1905, m'masiku a Pulezidenti Theodore Roosevelt. Mtsogoleri wace woyamba ndiye Gifford Pinchot. Nthambiyo inali ya zaka zisanu zokha, yosauka, ndi ya adani ambiri. Eni migodi ndi oceka matabwa sanakondwere kuti Boma liwaletse kudula umo afunira. Ndipo mdani wace woopsa m'Nyumba ya Malamulo anali Weldon Heyburn, woimira Idaho, amene kwao kunali ku Wallace komweko. Pinchot anacotsedwa nchito mu January 1910. Alonda a nkhalango anali owerengeka, ndipo mlonda mmodzi anayang'anira dziko la masiku ambiri a ulendo, lopanda miseu, la tinjira tocepa.

Caka cimeneco cipale cofewa cinasungunuka msanga, ndipo kuyambira April mvula inakana. Sitima za pamtunda, zoyenda ndi malasha, zinalabvula mbaliwali m'mbali mwa njanji. Olima ndi okumba anasiya moto m'misasa mwao. Ndipo pa 26 July kunadza mphezi zambiri zopanda mvula, nizibutsa moto pa malo osawerengeka usiku umodzi. Alonda analemba nchito munthu ali yense wokhoza kugwira fosholo, pa malipiro a masenti 25 pa ora. Ambiri anali alendo ongofika kumene kucokera ku Ulaya, osadziwa mapiri, ena osamva ndi Cingelezi comwe. Pulezidenti William Taft anatumizanso asilikari, ndipo mwa iwo munali anthu akuda a gulu la 25th Infantry, ambiri a iwo ana ndi zidzukulu za amene anali akapolo m'dzikomo. Pofika pa 19 August akuru a nchitoyo anayesa kuti cobvuta capita.

Pa Loweruka, 20 August, dzuwa litapendeka, kunauka namondwe wa mphepo youma kucokera kumwera ca kumadzulo. Timoto tonse tija, timene tinali kunyeka pang'onopang'ono m'zigwa zosiyana, tinakula nthawi imodzi nitikumana. Pano tiyenera kufotokoza cinthu cimene sitiona kawirikawiri kwathu kuno. Moto ukakula kopambana, mpweya wotentha ukwera kumwamba ndi mphamvu, ndipo mpweya wina uthamangira pansi kudzalowa m'malo mwace. Motero motowo udzipangira mphepo yaceyace, mphepoyo niukoleza, ndi kukolezako kuonjezanso mphepo. Opulumuka anasimba kuti mitengo yaikuru inazuka ndi mizu yomwe moto usanaifike, ndi kuti zikuni zoyaka zinauluka pamwamba pa mitu yao kukabutsa moto watsopano kutsogolo, kotero kuti wothawa anapeza njira yatsekedwa kale. Usana kunada ngati usiku. Malo akupsa anali maekala ngati 3,000,000, ndiwo olingana ndi magawo awiri mwa magawo asanu a Nyanja ya Malawi, ndipo mbali yaikuru ya malowo inapsa m'masiku awiri okha. Anafa anthu osacepera 85, ndipo 78 a iwo anali ozima moto aja.

Ku Wallace anthu anali atakhala mu utsi masabata ambiri, ndipo ena anakwiriratu akatundu ao m'maenje. Madzulo a tsiku limenelo mkuru wa mudzi, Walter Hanson, analamula kuti akazi, ana ndi odwala akwere sitima, koma amuna onse olimba atsale kudzachinjiriza mudzi. Si onse anamvera mokondwa. Ena anayesa kulowa m'sitima mokankha akazi, natsitsidwa. Asisteri a Mpingo wa Katolika, osunga cipatala ca Providence, anakweza odwala ao m'sitima yopita ku Montana, imene inayenda usiku pakati pa mapiri oyaka. Nthawi ngati ya 9 koloko cikuni coyaka cinagwa kum'mawa kwa mudzi, ndipo mbali imeneyo inapsa: nyumba ngati 100, ndilo gawo limodzi mwa magawo atatu a mudzi wonse. Amuna otsala aja anagwira mipope ya madzi usiku wonse pa malire a motowo, mphepo inali kukankhira malawi kunja kwa mudzi, ndipo zipupa za njerwa za pakati sizinaupatse moto cakudya. M'mudzimo anafa anthu awiri okha.

Koma amuna ambiri anali m'nkhalango. Mmodzi wa alonda a ku Wallace anali Edward Pulaski, munthu wa zaka zoposa 40, wosapita patali ndi sukulu monga alonda anzace, koma amene anakhala zaka zambiri m'mapiri amenewo monga wokumba migodi ndi wosula zitsulo, nadziwa kanjira kali konse ndi dzenje liri lonse. Dzulo lace la tsikulo iye anatsikira kumudzi kudzatenga cakudya ca anchito ace. Anauza mkazi wace kumene akabisale ndi mwana moto ukafika, ndipo mamawa a Loweruka anabwerera kuphiri.

Mphepo itauka anasonkhanitsa amuna ngati 45, ambiri osokonezeka ndi mantha, nayamba kuwatsogolera ku Wallace motsata mtsinje wa Placer. Ataona kuti moto wawatsekera kutsogolo, anakumbukira mgodi wakale wosiyidwa m'mbali mwa mtsinjewo, phanga lokumbidwa ndi anthu, lolowa m'phiri. Mmodzi anatsalira m'njira, nafa. Enawo anawalowetsa pamodzi ndi akavalo awiri, nawauza agone cafufumimba, nkhope m'matope, pakuti mpweya wabwino utsalira pansi. Iye mwini anaima pakhomo, napacika mabulangete onyowa, natunga ndi cipewa cace timadzi ta pansi pa mgodi kuthira pa mitanda imene inayamba kuyaka. Pamene utsi unalowa, wina anadzuka kuti athawire kunja. Pulaski anaturutsa mfuti, nanena kuti adzaombera woyamba kuturuka. Mau oopsa ndithu. Koma kunja kunali imfa yosapeneka, ndipo mmodzi akadathawa onse akadamtsata. Potsiriza onse anakomoka, ndi iye yemwe. Kusanace ena anatsitsimuka, nakwawira kukhomo, napeza kapitao wao ali gone. Wina anauza anzace kuti wafa, koma iye anayankha ali pansi pomwepo kuti sanafe. Asanu sanadzuke. Otsalawo, ngati 40, anatsikira ku Wallace ali otsimphina ndi a zobvala zakupsa, Pulaski wosapenya ndi maso.

Kumwera kwa Wallace, kutseri kwa phiri, pa mtsinje wa St. Joe, kunali mudzi wa njanji wochedwa Avery. Njanji ya kumeneko, ya Milwaukee, inali yatsopano, yopyola mapiri pa milatho yaitali ndi m'mapanga obooledwa. Oyendetsa sitima anatola anthu m'timidzi ta m'mbali mwa njanji, naoloka milatho irikuyaka, nakaimika sitima m'kati mwa mapangawo kufikira moto unapita. Anthu mazana anapulumuka motero. Ku Avery asilikari akuda aja anakweza akazi ndi ana m'sitima mwa dongosolo. Ndipo moto utayandikira, iwo pamodzi ndi amuna otsala anayatsa moto waowao m'mphepete mwa mudzi, kuti upite kukakumana ndi waukuruwo ndi kuulanda cakudya. Mudzi sunapse. Nzeru imeneyi si yacilendo kwa ife. Ndiyo imene acita munthu wakuocha udzu wozinga nkhokwe zace lupsa lisanafike. Pamene asilikariwo anafika m'mapirimo Azungu ambiri anawanyoza cifukwa ca khungu lao. Moto utapita, manyuzipepala anawatama. Ndipo nchito yowawa yofunafuna mitembo ndi kuiika inagweranso iwo.

Pafupi ndi Avery pomwepo, pa kamtsinje ka Setser, amuna 28 anauzidwa kuti acoke, nakana, poyesa kuti malo ao ali bwino, anapsa onse. Gulu lina, la mlonda wacinyamata dzina lace Joe Halm, linagona m'madzi a kamtsinje, mabulangete onyowa ali kumutu. Anthu anawayesa akufa, koma patapita masiku anapezeka amoyo. Tikaika nkhani zonsezi pamodzi tiona cinthu cimodzi. Ocepa ndiwo anapulumuka ndi liwiro la miyendo yao. Anapulumuka amene anapeza malo opanda cakupsa, kapena phanga, kapena madzi, kapena njerwa, kapena nthaka yoochedwa kale, ndi amene anali ndi wina wakuwaletsa kubalalika. Motowo sunazimidwe ndi munthu. Patapita masiku owerengeka kunagwa mvula, ndi cipale cofewa pamwamba pa mapiri.

Tsono kumanganso. Othawa aja analandiridwa ku Spokane ndi ku Missoula, midzi yaikuru ya kucigwa, kumene anthu anawapatsa cakudya, zobvala ndi pogona. Ndipo njanji itakonzedwa anabwerera. Wallace unauka msanga, ndipo cifukwa cace si cobisika. Cuma ca mudziwo cinali pansi pa nthaka, kumene moto sufika. Migodi inafunabe anchito, anchito analandirabe malipiro, masitolo ndi mabanki a njerwa anali ciimire, ndipo munthu wa nyumba yakupsa anali ndi mnansi wa nyumba yosapsa. Koma midzi yina imene inapsa usiku womwewo sinabwererenso mwakale. Taft, ku mbali ya Montana, unali msasa wa oboola phanga lalikuru la njanji. Phangalo linatha m'caka ca 1909, ndipo cotsala m'mudzimo cinali nyumba za mowa. Mbiri imati moto uli pafupi, ambiri a kumeneko anathamangira kumariza mowa m'malo mwa kuthandiza alonda, nacotsedwa ndi sitima. Grand Forks, mudzi wina wa makhalidwe omwewo, unayesa kuukanso m'mahema, koma sunakhalitse. Lero pa malo awiriwa palibe mudzi. Kulimba mtima kwa a ku Wallace sitikukana ai. Koma tiyesa kuti cimene cibwezera anthu pa phulusa ndi cifukwa cokhalira pamenepo, ndipo moto unangoulula midzi imene inali naco cifukwaco ndi imene inalibe.

Cimene cicititsa manyazi m'nkhani iyi ndi umo Boma linacitira ndi obvulala. Panalibe ndalama zoikidwiratu zolipirira anchito aganyu kucipatala, kotero kuti alonda anasonkha za m'matumba mwao, a Red Cross naonjezapo. Akufa anayamba aikidwa pomwe anagwera. Pambuyo pace mafupa ao anatengedwa kumanda a ku St. Maries ndi a ku Wallace, ena opanda dzina, pakuti panalibe wowazindikira. Pulaski anakhala m'cipatala miyezi ngati iwiri. Maso ace sanapenyenso bwino monga kale, mapapu anaonongeka, ndipo copempha cace cakuti Boma limthandize kuciritsa maso cinakanidwa. Komabe anabwerera ku nchito yace ya ulonda, nakhala zaka zambiri alikulambula manda a anzace ndi manja ace, ndi kulembera akuru kuti aikepo mwala wa cikumbutso. Anamwalira m'caka ca 1931.

Pokhala wosula, iye anaona kuti wozima moto afuna nkhwangwa yodulira mizu ndi khasu lopalira nthaka, ndi kuti kusenza ziwirizi paphiri n'kolemetsa. Tsono kuyambira 1911 anakonza citsulo ca mutu umodzi, nkhwangwa mbali yina, kakhasu konga kasemasema mbali yina, pa mpini umodzi. Ena anayesapo zotere iye asanatero, koma cace ndico cinakhazikika, ndipo kufikira lero ozima moto wa m'nkhalango ku America acinyamula, nacicha pulaski.

Nyumba imangidwa m'miyezi, koma nkhalango ai. Mitengo yakupsa inatsala ciimire, yosawerengeka, yakuda poyamba, pambuyo pace yotuwa. Oceka matabwa anapulumutsako pang'ono pokha isanaole. Yotsalayo inauma niigwa, nikhala nkhuni za moto wina; ndipo mbali zina za dziko lomwelo zinapsanso m'zaka za 1919, 1926 ndi 1934, moto wobwerezawu nupha timitengo tongomera tisanabale mbeu. Pamene panapsa kawiri kapena katatu panamera zitsamba zokhazokha kwa zaka zambiri. Ku Haugan, ku Montana, mlonda wina dzina lace Elers Koch anali atayamba nazale ya mitengo yochedwa Savenac m'caka ca 1907. Moto wa 1910 unaitha yonse. Anaiyambanso, ndipo inakula kufikira inaturutsa mbande ngati 12,000,000 pa caka m'zaka za m'ma 1930, pamene anyamata osowa nchito analembedwa ndi Boma kukazioka m'mapiri, imodzi imodzi, pa malo otsetsereka oti munthu aima mobvutika. Nazaleyo inagwira nchito kufikira 1969.

Koma mbali yaikuru ya nkhalango inadzibzala yokha. Kuli mtundu wa paini wochedwa lodgepole, umene zibalobalo zace zambiri zimatidwa ndi utomoni, nizikhala pamtengo zaka zambiri zosatseguka. Moto ukapita utomoni usungunuka, mbeu nizigwa pa phulusa, pamene palibe mthunzi kapena udzu wolimbana nazo. Mtengo wotere uoneka kuti unazolowerana ndi moto kalekale, anthu asanafike ndi mafosholo ao. Zitsamba zija nazo zinadyetsa nyama yochedwa elk, yonga ngoma koma ya nyanga zanthambi, ndipo inacuruka m'mapiri a Idaho koposa kale, kufikira mitengo inakulanso niphimba zitsambazo. Tsoka losacira la nkhalango linadza mwakacetecete. Paini woyera, ndiwo wa matabwa okoma koposa kumeneko, unagwidwa ndi nthenda yonga dzimbiri ya m'makungwa, imene inalowa ku mbali imeneyo ya America ndi mbande zogulidwa ku France, zotsitsidwa ku Vancouver m'caka comweco ca 1910. Nthendayo inafika ku Idaho m'zaka za m'ma 1920, ndipo pamodzi ndi nkhwangwa za odula inamariza paini woyera wocuruka. Watsala lero ndi wocepa pa umene unalipo.

Wallace ulipobe. Migodi yambiri inatsekedwa, anthu nacepa. Pa kalembera wa 2020 sanafike 800. Pamene Boma linafuna kupyoza mseu waukuru pakati pa mudzi, eni ace anakana, nalembetsa nyumba zao za njerwa m'buku la zinthu zakale zosungidwa ndi dziko m'caka ca 1979, ndipo mseuwo unamangidwa m'mwamba, pa mizati, nutsegulidwa mu 1991. Njanji ya ku Avery inalekedwa mu 1980, ndipo m'mapanga ena m'mene munayenda sitima muyenda tsopano anthu a njinga. Kucokera kumapeto kwa Wallace kuli kanjira ka mailosi awiri kokwera mtsinje wa Placer kufikira popenyana ndi khomo la mgodi wa Pulaski, ndipo woyendamo ayenda mumthunzi wa mitengo imene inamera pa phulusa lija.

Catsala ndi cimene Boma linaphunzira. Moto usanadze, ena m'Nyumba ya Malamulo anafuna kuifooketsa Forest Service kufikira itatha. Utapita, mbiri ya ozima moto akufa inatembenuza mitima ya anthu. Heyburn ananenabe zace, koma omumvera anacepa. Mu March 1911 linakhazikitsidwa lamulo lochedwa Weeks Act, lolola Boma lalikuru kugula nkhalango za ku magwero a mitsinje, ndi kuthandizana ndi zigawo pa kuzima moto. M'zaka zotsatira analambula tinjira, nakoka mawaya a telefoni, namanga nsanja za alonda pa nsonga za mapiri, kuti utsi uoneke ukali waung'ono. Zonsezi zinali zabwino, ndipo anthu a m'mapiri anagona tulo cifukwa ca izo.

Koma anaphunziranso kuti moto uli wonse ndi mdani. Atatu a iwo amene anatsogolera Forest Service pambuyo pace, William Greeley, Robert Stuart ndi Ferdinand Silcox, anali m'cigawo cimeneco mu 1910, naona tsokalo ndi maso ao. Masiku amenewo kunali anthu, makamaka ku California, onena kuti nkwabwino kuocha pansi pa nkhalango kawirikawiri ndi moto wofatsa, monga anacitira mafuko a eni nthaka amene Azungu anawapeza m'dzikomo, kuti zinyalala zisaunjikane. Greeley ananyoza nzeruyo monga ya anthu osaphunzira. Mu 1935 Silcox analamula kuti moto uli wonse uzimidwe isanakwane 10 koloko mamawa a tsiku lotsata limene unaonekera. Caka comweco Koch, woyamba nazale uja, amene anakalambira pa nchito yozima moto, analemba kuti m'mapiri akutali moto ukakula m'nyengo youma palibe khamu la anthu lingauletse, ndi kuti miseu ndi ndalama zothiridwa kumeneko zinaononga dziko lokongola osacepetsa moto. Sanamvedwe.

Sitifulumira kuwatsutsa akuru amenewa. Munthu amene anawerenga mitembo ya anchito ace sangamve msanga kuti moto uli ndi ubwino. Koma zipatso za lamulo lao zinaoneka. Nkhalango za pamwamba, zonyowa, monga zambiri za zimene zinapsa mu 1910, mwa cikhalidwe cace zipsa kamodzi pa zaka 100 kapena kuposa, ndipo zikapsa zipsa kotheratu. Pamenepo lamulo silinasinthe zambiri. Koma nkhalango zouma za m'munsi, za paini wa khungwa locindikala wochedwa ponderosa, kale zinali kupsa pansi pokha zaka zowerengeka ziri zonse, mitengo yaikuru niitsala. Moto utaletsedwa zaka makumi ambiri, pansi pace panadzala timitengo ndi zinyalala, zimene zikhala ngati makwerero okweza malawi kunsonga; motero poletsa moto waung'ono anasungira ana ao waukuru. Alonda a nkhalango zathu za miombo anafika pa nzeru yina msanga: kuyesa kumene kunayamba ku Ndola m'caka ca 1933 kunaonetsa kuti moto wa kumapeto kwa cilimwe, ukadza caka ndi caka, utha mitengo, koma kuocha msanga, udzu ukali ndi cinyezi, kuisiya yamoyo.

Ku America lamulo la 10 koloko linathetsedwa mu 1978, koma kutembenuka kunali kutayamba kale pang'ono, m'mapiri omwewo a Bitterroot. Mu August 1972 mphezi inabutsa moto pafupi ndi mtsinje wa White Cap, m'dera limene alonda anapangana kuti ayese kuusiya moto wa mphezi uyende monga unayendera kale. Anakauona, naulemba m'buku, osauthira dothi kapena madzi, cinthu cimene Forest Service inakhala zaka zambiri osacilola. Unayaka masiku anai, nuzima wokha, utatentha malo osaposa bwalo la nyumba imodzi.